Ndege Yachikasu ndi Dzanja la Achimwene

Lolemba, 4 Meyi

Mwezi ukukwana achimwene ali kwanga. Kwawo n'kutali ndi chipatala, ndiye nyumba ya mlongo wosakwatiwa ndiyo yasanduka wodi. Chipinda changa chogwiriramo ntchito ndawapatsa. Tebulo lojambulira lili m'kolido, aliyense wodutsa limamugunda m'chiuno. Kompyuta pabalaza, pakati pa firiji ndi kabati ya mbale. Alamu amagona pa matiresi pansi, ati amuna awo akagwa amve msanga. Munthu wosadzuka agwa bwanji?

Sitiroko inawasiyira pakamwa popotoka pang'ono, mwendo wokoka, ndi dzanja lamanzere logona pachifuwa ngati anachita kubwereka kwa wina. Dzanja lomwe lija linkasintha magiya a basi osayang'ana n'komwe.

A fiziyo, a kuchipatala owongola ziwalo, mayi wamfupi wa mawu ngati belu la sukulu, anandiimika pageti potuluka. Sanazungulire. "Dzanjalo likadali moyo. Koma akapanda kuligwiritsa ntchito miyezi inoyi, zala zifumbata, ndipo sizidzatambasukanso. Muzidzachita kuzikanula kuti mupukute m'kati."

Anawasiyira kampira kofinya ndi zitsekerero za mabotolo zoti azitola. Kampira kanatulukira pawindo. Kuponya kwake kwabwino ndithu, dzanja lamanja lilibe vuto. "Ndine wa ku mkaka ine?" Atatero, nkhope kukhoma.

Ndiye ine, wophunzira wa pabanja pano, ndabwera ndi nzeru. Ndege.

Lachitatu, 6 Meyi

Alamu anandipeza ndili ndwii pa kompyuta, tiyi atazizira. Ndinayesa kuwafotokozera. Pali pulogalamu yoyeserera kuulutsa ndege. Munthu umakhala pampando, kugwira kandodo, ndege n'kumauluka pa sikirini monga iulukira yeniyeni, mphepo ndi kulemera kwake zonse zilimo. Ndipo pali gulu la anthu osowa chochita pa intaneti, ine mmodzi wa iwo, amene timapanga zinthu zoikamo. Mpaka pano ndakhala ndikupanga nyumba za pabwalo la ndege, poti kuntchito ndimajambula mapulani a nyumba. Ndege sindinapangepo.

"Ndiye ikauluka imakafika kuti?" Ndinati pomwepa. "Nanga bwanji osangokhala pomwepa osavutika?"



Ndege yake ndi ya pa kalendala ija. Ya ku shopu ya matayala, imene inakhala pakhoma kwathu chaka chake chitatha kalekale chifukwa achimwene ankalira wina akafuna kuichotsa. Ndege yamakedzana ya mapiko awiri osanjikizana, lina pamwamba lina pansi, timizati pakati, mawaya opingasa, woyendetsa mutu uli pamtunda. Yachikasu. Achimwene ankakwera pampando, chivindikiro cha poto m'manja, ati ndi Kaputeni. Ine pasinjala, kukhala pansi kumbuyo, osaloledwa kuyankhula mpaka titatera. Bambo atamwalira, Kaputeni anakayamba kuyendetsa basi, ine ndinapita ku koleji. Za kalendala sitinakambenso.

Nzeru yanga ndi iyi. Moto wa ndege zimenezi saponda ndi phazi. Pali kachitsulo kokankha ndi kukoka, ndipo kamakhala kumanzere. Dzanja lamanja pa kandodo, lamanzere pa moto. Kandodo ndili nako, kachitsulo ka moto ndabwereka kwa mnzanga wa kuntchito amene anasiya masewerawa atakwatira.

Mankhwala obisa mu shuga. Asadziwe kuti ndi fiziyo.

Loweruka, 9 Meyi

Tsiku lonse pa mapiko. A m'gulu ananditumizira mapulani akale ochita kujambulidwa pa pepala lachikasu, manambala ena anadyedwa ndi njenjete. Nthiti za phiko, imodziimodzi, kenako kukuta ndi nsalu mwakuti nthitizo zizionekera pang'ono ngati za galu wa kumsika. Timizati. Mawaya, amene pa chithunzi amaoneka ochepa koma ukayamba kuwamanga amaswana. Msana kuwawa, maso kuyabwa.

Madzulo ndinati ndiione ili pabwalo. Ndinailowetsa mu pulogalamu.

Chinatulukira chilombo. Tayala lokha kutalika kuposa munthu, phiko litaboola denga la nyumba yosungiramo ndege, imene ndinamanga ndekha chaka chatha. Miyeso ya m'mapulaniwo ili m'mafiti. Ine ndalemba zonse ngati mamita. Ine amene ndimakalipira amisiri pa saiti akasokoneza tepi yoyezera. Dipuloma ili pakhoma apo ikundiyang'ana, ndinaganiza zoitembenuza.

Alamu anasuzumira. "Koma ndiye yakula bwino. Mumaidyetsa chiyani?"

M'chipinda muli zii. Chakudya chinabwerera theka.

Lachiwiri, 12 Meyi

Yachepa, yafika msinkhu wake. Tsopano ikumira. Ndikangoyatsa, imalowa m'nthaka pang'onopang'ono ngati ikuchita manyazi, kutsala mutu wa woyendetsa uli pa udzu ngati dzungu. Pulogalamuyi siona matayala amene ndajambula. Imafuna uiuze ndi manambala pamene tayala lagunda pansi. Ndinaiuza. Inadumpha m'mwamba n'kugwa chagada.

Dzulo pulopela, chozungulira cha kumphuno chija, inanyamuka yokha, kusiya ndege pansi. Inapita ndithu, sinabwerere. Mwina ili bwino kumene ili.

Kuntchito abwana anandipeza nthawi ya nkhomaliro ndikuwongola mchira. "Kasitomala ameneyo akufuna zipinda zingati?" Ndinaseka mwaulemu. Iwo sanaseke.

Pofika kunyumba, magetsi psiti. Ntchito yonse ya m'mamawa, ndisananyamuke, sindinasunge.

A fiziyo anabwera. Achimwene anatseka maso, kuchita mkonono wabodza. Mayiyo anatambasula zala, chimodzichimodzi, akuyankhula ndi dzanja m'malo mwa mwini wake. Potuluka anangondiyang'ana. Ndinamva.

Lachisanu, 15 Meyi

Ndinaika zithunzi za ndege yanga m'gulu, ndikuyembekezera kuwomberedwa m'manja. Woyamba kuyankha, monga mwa nthawi zonse, Mlonda wa Misomali. Ndi mmene timamutchulira kumbali. Palibe amene anaona nkhope yake, chithunzi chake ndi mphaka wovala magalasi a woyendetsa ndege. Amawerenga misomali pa ndege za anzake. Akuti timizati tanga taima chilili pomwe timayenera kupendekera kutsogolo, ndipo waya wina ndamumanga pamene palibe chomugwira. "Phiko lanulo likugwiridwa ndi pemphero."

Ndinalemba yankho lalitali lonyoza mphaka wake. Ndinalifufuta. Chowawa n'chakuti akunena zoona.

Koma za lero si zimenezo. Ndinali kupaka utoto, ndege yonse chikasu mpaka kumchira, ili pa sikirini ikuzungulira. Achimwene ankachokera kubafa atakolowekedwa pa phewa la alamu. Phazi lokoka lija, khwee, khwee, kenako chete. Sindinatembenuke. Ndinkamva mpweya wawo kumbuyo kwanga.

"Mchira unali wofiira."

Ndinati ayi, wachikasu, ndikukumbuka bwinobwino.

"Iwe Profesa, unkakhala kumbuyo, unkaona chiyani? Wofiira."

Khwee, khwee, chitseko. Mawu ochuluka chotere sanayankhulepo chibwerereni. Alamu anabwerera kudzandifinya paphewa mpaka kuwawa.

Unali wachikasu. Ndapaka wofiira.

Lamlungu, 17 Meyi

Thupi latha, kwatsala mzimu. Ndege ya mu pulogalamuyi ili pawiri: chimene maso amaona, ndi fayilo ya manambala imene imanena kulemera kwake, mphamvu ya injini, mmene phiko limagwirira mphepo. Popanda fayiloyo ndi chidole. Ndakopera zonse kuchokera m'mapulani, mosamala ngati mlingo wa mankhwala. Mafiti ndawayang'ana kawiri.

Kuyesa koyamba. Injini inalira bwino mwakuti tsitsi linandiimirira. Ndinakankha moto. Ndege inathamanga pang'ono, n'kukhotera kumanzere ngati yaona wangongole, n'kuzungulira, phiko pansi, tswa.

Kachiwiri chimodzimodzi. Kachitatu inakalowa mu nyumba yanga yosungiramo ndege. Masana onse. Kumanzere, kumanzere, kumanzere. Ndafufuza ngati tayala lina lafupika, ngati phiko lina lalemera, ngati kandodo kanga kakalamba. Zonse zili bwino. Kamodzi kokha ndinanyamuka mwangozi, ndinakondwa ngati ndakhoza mayeso, kenako pofuna kutera ndinadzala ndege m'munda, mchira wofiira uli m'mwamba ngati mbendera.

Kutchalitchi sindinapite. Alamu akuti anandipempherera pamodzi ndi odwala.

Lachitatu, 20 Meyi

Ndinameza malovu, ndinafunsa m'gulu chimene ndalakwitsa. Mlonda wa Misomali, kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya dziko: "Simunalakwitse."

Akuti yeniyeniyo inkatero. Pulopela yaikulu ikamazungulira mbali imodzi imapotokola ndege yonse kupita mbali inayo, ndipo poti kamchira kali pansi, ikangoyamba kukhota imafuna kuzungulira yonse. Mankhwala ake ndi manja awiri ogwirizana. Lamanzere kumawonjezera moto pang'onopang'ono, kubweza ikayamba misala, kuwonjezeranso, lamanja likuwongola. Dzanja lamanzere silipuma mpaka utakwera.

Ndiye kuti masiku onsewa ndakhala ndikusaka matenda pa munthu wabwinobwino. Wodwala ndi woyendetsa.

Ndinayang'ana kachitsulo ka moto, ndinaganiza za zala zija. Ine wa manja awiri amoyo yandikanika. Achimwene adzakhala pampando, alamu akuonerera, ndege n'kuzungulira, tswa. Munthu amene sanagundepo ngakhale nkhuku pa msewu. Adzabwerera kukhoma kuja ndipo sadzatembenukanso.

Ndiye ndapanga yachiwiri. Kunja ndi yomweyo, mchira wofiira, timizati topendekera. M'kati ndaithena. Kupotokola kwa pulopela ndachotsa. Mapiko ndawauza kuti azidziwongola okha. Moto ungokankha kamodzi, basi, inyamuka mowongoka ngati mkwatibwi polowa m'tchalitchi. Ndinaiyesa ndikumwa tiyi. Sinatayike ngakhale dontho.

Mwa chizolowezi ndinaitumiza m'gulu. Mlonda: "Iyi si ndege. Ndi ngolo yokankhira khanda, mwangoiika mapiko." Akhale ndi mphaka wake. Iye alibe mchimwene wogona moyang'ana khoma.

Loweruka ndiwaitana.

Loweruka, 23 Meyi

Ndilembe mwandondomeko, mwina ndimvetsa.

Anabwera. Alamu anawaveka shati yoyera, ati Kaputeni sayenda ndi vesiti. Ananyinyirika koma anakhala pampando. Dzanja lamanja linagwira kandodo ngati linakadziwa kale. Lamanzere alamu analinyamula n'kuliika pa kachitsulo. Anakankha ndi chikhatho, kamodzi. Injini inabangula, udzu unathamanga, nthaka inatsika.

Nkhope ija. Sindinaione chichokereni pampando wa kwathu, chivindikiro cha poto m'manja. Mbali yopotoka ya pakamwa nayo inayesa kumwetulira. Anadutsa pamwamba pa mtsinje, phiko lachikasu lili mbee padzuwa. Alamu akupukuta maso ndi nsonga ya nsalu. Ine mumtima ndikudzipatsa mendulo.

Kenako dovu. Limawatuluka pakona pa mlomo osadziwa, ndipo amadana nalo kuposa china chilichonse. Anasiya kandodo kuti atenge kansalu m'thumba la shati. Kanakanirira. Analimbana nako, kupukuta, kupinda, kubweza m'thumba. Atakweza maso, ndege ili phee, mowongoka, ngati palibe chachitika.

Sanagwirenso kandodo. Dzanja analiika pa bondo. Tonse atatu tikuonerera ndege ikudziulukira. Firiji ikulira. Anakankha kandodo ndi chala kupita kumbali, n'kukasiya. Ndege inapendama mwaulemu, n'kudziwongola yokha.

"Profesa. Akuyendetsa ndani?"

Ndinayamba za manambala, za kuti poyambira zimafunika kufewetsa. Pakamwa panga pankatuluka chizungu cha ku koleji chokhachokha.

"Moyo wanga wonse ndanyamula anthu. Lero mwana wa mayi anga wandikweza ngati katundu."

Anadzuka okha. Alamu atati awagwire anawakankha. Anayenda chogwira khoma, kugunda tebulo langa m'kolido, mapensulo mbwee pansi. Chitseko sanamenyetse. Bola akanamenyetsa.

Ndege inapitirira kuuluka mpaka mafuta anatha. Inatera yokha m'munda, bwinobwino, chitsiru.

Lachisanu, 29 Meyi

Sabata yonse osalemba. Ndilembe chiyani.

Sakundiyankhula. Ndikalowa ndi tiyi amayang'ana kudenga. Lachiwiri anauza alamu kuti alongedze, akufuna kwawo. Chikwama chili pakhomo, chomanga kale. Kwawoko a fiziyo safikako, ndipo basi yopita kuchipatala achimwene sangakwere, akuti anzawo a pa depoti asawaone chonchi. Akapita, dzanja lapita.

A fiziyo lero anavutika kutambasula chala chapakati. "Zayamba kulimba," anatero, osakweza mawu. Belu lija likalira motsitsa limaopsa kwambiri.

Kompyuta ndaifunditsa nsalu ya patebulo ngati maliro.

Madzulo ine ndi alamu tinali kutsuka mbale. Ndinkayembekezera kuti andilalatira, ndipo ndikanamva bwino. M'malo mwake anati: "Alamu, musadzione ngati ndinu nokha. Ine buledi ndimawadulira tizidutswa. Mabatani ndimawamangira asanayese n'komwe. Dzulo ndinadzipeza ndikuwauzira tiyi. Tikuwapha ndi ubwino, awiri tonse."

Chifundo chinaphetsa nkhwali. Tinkaimba pa mayeso a Chichewa, ndinakhoza bwino lomwe. Kumva ndamva lero.

Ndipo choseketsa, chimene sichikundiseketsa: ndinapanga ndege kuti dzanja ligwire ntchito, kenako ndinachotsamo ntchito yonse ya dzanjalo. Kukankha kamodzi. Ngakhale chigongono chikanatha. Anthu anandilipirira koleji kuti ndidzaganize zimenezi.

Lamlungu, 31 Meyi

Ngolo ya khanda ndaifufuta. Yatsala yeniyeni, yamisala ija. Ndinalembera Mlonda wa Misomali kumbali, mwaulemu wonse, kupempha ayang'ane manambala anga. Anayankha ndi zokonza zitatu, zonse zoipitsa khalidwe la ndegeyo. Pomaliza: "Tsopano idzakudani ngati yeniyeni." Ndikuganiza kuti kumeneko ndiko kuyamikira kwake.

Kupepesa ndinayesa m'mawa, pakhomo la chipinda. Anayatsa wailesi.

Ndiye masana ndinavundukula kompyuta, kukweza mawu mpaka mbale kunjenjemera m'kabati, n'kuyamba kuyesa ndekha. Sindinganame kuti inali nzeru. Ndinali ndi mkwiyo, ndinkafuna chinthu choti ndiphwanye. Moto, kumanzere, tswa. Moto, kumanzere, tswa. Oyandikana nafe ayenera kuti ankaganiza kuti tatsegula galaja.

Wailesi inazima.

Tswa winanso. Kenako mawu kuchokera m'chipinda: "Ukuponda moto ngati waba galimoto!"

Ndinakuwa kuti amene akudziwa abwere adzaonetse. Ndinawonjeza kuti iyi si ija, iyi ilibe chisoni ndi munthu, ine yandigwetsa masana onse.

Khwee. Khwee. Vesiti, tsitsi losapesa. "Choka."

Alamu anatambasula manja kuti anyamule dzanja lija, n'kudzigwira okha, manja kumbuyo ngati mwana wa sukulu. Achimwene analinyamula ndi lamanja, kuliponya pa kachitsulo. Linaterereka. Analibweza. Anakankha, ndipo linapita lonse mpaka kumapeto, poti kubweza silitha. Ndege inazungulira kawiri n'kukagunda galimoto ya mafuta. Moto lawilawi. Kugwa koposa kwanga konse.



"Ndege yako ndi yopusa," anatero. "Bwezera."

Mpaka dzuwa kulowa. Sananyamuke ngakhale kamodzi. Mawu amene atuluka pabalaza panga lero, pa Sabata, sindingawalembe. Ena sindinkadziwa kuti alipo. Thukuta kunyowetsa vesiti. Chakudya anamaliza chonse, akutukwanabe.

Chikwama chikadali pakhomo.

Lachiwiri, 2 Juni

Kompyuta si yanganso. Pulani ya kasitomala ndajambulira pa bondo m'kolido, abwana akufuna mawa. Ndikati ndibwereke pang'ono, akuti pasinjala sayankhula mpaka titatera. Pa liwiro limeneli ndidzayankhula ndili ndi imvi.

Ndege yaphwanyidwa m'njira zimene ngakhale Mlonda sanazilotepo. Nyumba yanga yosungiramo ndege yalowedwa kuchokera mbali zonse. Ndipo chilichonse ndi mlandu wanga. Udzu ndautalikitsa. Mphepo ndaiika dala. Mchira wofiirawo ndiwo ukulemera.

Vuto lenileni ndi mutu wa kachitsulo. Ndi waung'ono, woterera, zala sizikuugwira. Ndinangotsala pang'ono kukonza mwakachetechete iwo ali kubafa. Ndinadzimenya padzanja. Ndinafunsa: tikulitse mutuwu kapena tisiye? Anaganiza ngati ndawafunsa za ukwati. "Kulitsa. Koma ndegeyo usaikhudze. Ndikadzaona yayamba ulemu, ndikuswera kompyutayi."

Chokulitsira chinasowa. Alamu anatuluka panja, kubwera ndi kampira ka a fiziyo kaja, kodetsedwa, kochokera m'maluwa pansi pa windo. Tinakaboola ndi mpeni, kukaveka pa kachitsulo, tepi pansi pake. Achimwene anakayang'ana nthawi yaitali. Akadziwa, si mwana. "Bola kapeza ntchito yeniyeni."

Ndiye amene anakana kufinya kampira akukafinya kuyambira m'mawa, akukatukwana.

Chimene ndikufuna ndisadzaiwale ndi ichi. Chakumadzulo, ndege inayambanso kukhota, kulunjika galimoto ya mafuta ija. Maso awo ali pa sikirini, mano ali gwa, lamanja likulimbana ndi kandodo. Ndipo dzanja lamanzere linakoka. Lokha. Pang'ono chabe, ngati kutalika kwa chala, zala zitakumbatira kampira. Injini inatsika mawu, ndege inaima mphuno itatsala pang'ono kupsompsona thanki.

Iwo sanaone. Ankakalipira galimoto ya mafuta kuti inaimikidwa ndi munthu wopanda laisensi. Ndinatsegula pakamwa, alamu ananditsina pantchafu. Chipsera chilipo.

Tinakalirira kukhitchini, mpope tili chitsegulire.

Lachinayi, 4 Juni

A fiziyo dzulo anawapeza ali pampando. Anaima kumbuyo ndi chikwama chawo, kuyang'ana dzanja, kuyang'ana kampira, kundiyang'ana ine. Achimwene osatembenuka: "Amayi, mwaima pa msewu wa ndege." Mayiyo anasuntha. Potuluka anati chala chapakati chikadali chouma, tisayambe kuvina, koma chimene akuchitacho asasiye ngakhale tsiku limodzi. Ndinati kusiyitsa kwake ndi kumene kungafune apolisi.

Chikwama chachoka pakhomo. Malaya ndawaona ali pa waya.

Pulani ya kasitomala yabwezedwa, khomo la bafa ndalitsegulira m'kabati. Mlonda walembanso, akuti mawaya a kumchira ndi onenepa. Ndege ndi imodzi, mabwana atatu.

Lero ndachedwa kale kuntchito. Ndikulemba ndili pa bedi, nsapato imodzi kuphazi, kudikira kuti mwina andibwereka kompyuta ndikonze khomo lija. Kuchokera pabalaza nyimbo ya masiku onse. Injini kukwera, kutsika, kukwera, kutukwana, tswa, "Bwezera," ngakhale tsopano amabwezera okha. Apa yayambanso. Kukwera. Kutsika pang'ono. Kukweranso, mosamala, ngati munthu wonyamula madzi odzaza.

Tswa sanamveke.

Injini ikungolira, mosalala. Alamu akuwa, mbale yagwa. Ali m'mwamba. Mayi anga ine, ali m'mwamba, ndi yeniyeniyo, yamisala, ndi manja awo awiri.

Akuitana. "Profesa! Iwe Profesa! Chinthuchi amatera nacho bwanji?"

Ndiwauza chiyani, poti ine sindinaterepo nayo ngakhale kamodzi? Akuti ndithamange, kutsogolo kuli phiri, ndipo ndikhale kumbuyo, ndisagwire kanth—